Malikisi a Pensulo

"Mapepalawa akuwafuna Lachisanu, Amayi," anatero mzime wawo uku akutsitsa katoni pa thebulo. "Mkulu wa dipatimenti wandiimbira kawiri lero. Akuti pepani kwambiri, koma ana a sukulu akudikira zotsatira zawo."

Mayi anaiyang'ana katoniyo osaikhudza. Ankaidziwa bwino. Inali katoni ya sopo, yomata ndi selotepi m'makona, imene amuna awo ankabweretseramo mapepala a mayeso kunyumba. Panali patatha masiku atatu chiwaikireni m'manda. Anagwa Lachinayi pa masitepe a ku ntchito, pofika nawo kuchipatala n'kuti zitatha kale. Tsopano mipando yobwereka inali itabwezedwa, achibale atabalalika, ndipo m'nyumba munangotsala anthu atatu: Mayi eni ake, mwana wawo wamkazi wachisamba amene ankagwira ntchito mu famase m'tauni ina, ndi mzimeyu, amene ankaphunzitsa filosofi pa yunivesite yomwe bambo ake anaphunzitsapo zaka 31. Chibwerereni ndi digiri yake yachitatu, pakhomo ankangomuti Dokotala.

"Anachonga onse asanagwe," anapitiriza Dokotala. "Alipo 43. Changotsala n'kulemba ndi inki. Ndiye ndimati tichite monga munkachitira ndi bambo. Ine ndiziwerenga, inu muzilemba."

"Sungalembe wekha?"

"Ndingathe. Koma alembi a ku ofesi anazolowera dzanja lanu. Akaona langa aziti ndasintha zinthu."

"Dzanja lakolo ngakhale iwe mwini suliwerenga," anatero mlongo wake ali pa kabati, pomwe ankapukuta matambula n'kumawabwezera m'malo mwake. "Udokotala wako uli pamenepo pokha. Jakisoni sudziwa kubaya, koma kalembedwe ndiye ka kuchipatala."

Dokotala anaseka pang'ono. Kunali kuseka koyamba m'nyumbamo chichitikireni zovutazo, ndipo sikunachedwe kuzilala.

Malemu anali ndi kachitidwe kawokawo. Pa pepala la mayeso mwana salemba dzina, amalemba nambala. Iwo ankachonga ndi pensulo, malikisi n'kuwalemba ang'onoang'ono pakona ya tsamba lomaliza. Mndandanda wosonyeza kuti nambala iyi ndi ya yani unkakhala mu envulopu yomata mpaka atamaliza onse. Ankanyadira zimenezi. Ankati pochonga safuna kuona nkhope ya munthu. Ndiye Loweruka m'mawa, atamwa tiyi, ankamatula envulopu ija n'kukhala pa thebulo lomweli ndi akazi awo. Iwo ankatchula nambala, n'kuyang'ana dzina, n'kutchula malikisi. Mayi ankalemba ndi inki yofiira pachikuto ndi pa fomu ya ku ofesi. Kenako malemu ankatenga labala n'kufufuta pensulo ija.

Mayi sukulu analekezera Fomu 2, koma dzanja anali nalo. Manambala awo ankaima chilili ngati ochita kusindikiza. Kwa malemu, 1 ndi 7 anali mapasa, ndipo chaka china mlembi wa ku ofesi anagwetsa mwana wokhoza chifukwa cha zimenezo. Kuyambira pamenepo cholembera chofiira chinakhala cha Mayi.

Ankakhala kumanzere kwa amuna awo, ndiye tsamba lomaliza lija ankaliona. Chaka chachitatu cha ntchitoyi ndi pamene anazindikira kuti nthawi zina chimene pensulo yanena si chimene pakamwa patchula.

"Bambo ake, apa pali 72. Inu mwanena 61."

Malemu anavula magalasi tsiku limenelo, n'kuwayang'ana modekha, monga ankachitira ndi mwana wa sukulu wochedwa kumva.

"Amake mwana, uyu ndi mtsikana. Akadutsa 65 ndiye kuti chaka chamawa atenga filosofi yokhayokha. Akamaliza adzalowera kuti? M'chipinda chathu cha aphunzitsi muli amuna okhaokha. Anabwerapo mkazi mmodzi ine nditangoyamba ntchito. Pa msonkhano ankamutuma tiyi. Akanena mfundo ankamuseka, mfundo yomweyo akainena mwamuna onse n'kugwedeza mitu. Anachoka akulira, ndipo mpaka lero sindidziwa komwe ali. Uyu apite ku zamalamulo kapena ku uphunzitsi, akakhale pa mtendere. Ndikumuthandiza. Lembani 61."

Ndipo Mayi analemba. Wophunzira anali iwowo, pulofesa, munthu amene anzake ankamuimirira akalowa m'chipinda. Wa Fomu 2 akanatsutsa chiyani? Sizinkachitika kawirikawiri. Atsikana m'kalasimo ankakhala atatu kapena anayi, ndipo wodutsa mzere uja ankakhala mmodzi, chaka china osapezeka n'komwe. Koma akapezeka, inki inkamubweza.

Tsopano Dokotala anakhala pa mpando wa bambo ake, n'kung'amba envulopu ndi chala. Mayi anatenga cholembera chawo m'dirowa n'kuchiyesa pa nyuzipepala yakale. Chinali chikulembabe.

"Nambala 1, 55."

Analemba.

"Nambala 2, 47."

Ntchito inayenda. Mawu a mnyamatayo anali a bambo ake enieni, mpaka kakutsokomola kaja potembenuza tsamba, ndiye Mayi sanadzutse mutu. Atafika pa pepala la nambala 27, Dokotala anaimba kamluzu.

"81."

Mayi anatsitsa cholembera pachikuto.

"Dikirani kaye, Amayi." Anayendetsa chala pa mndandanda. "Ndi mtsikana uja."

"Mtsikana uti?" anafunsa mlongo wake.

"Wina wake wamfupi, amakhala kutsogolo. Amafunsa mafunso mpaka anzake amamugwira diresi kuti tiyeni tizipita. Ali bwino ndithu, ndinamuphunzitsapo chaka choyamba. Koma 81 kwa bambo?" Anapukusa mutu. "Musalembe. Ili ndiliika pambali."

"Chifukwa chiyani?"

"Mwezi watha akuluakulu a yunivesite anatilembera kalata. Akufunsa kuti bwanji pa aphunzitsi 11 m'dipatimenti mwathu mulibe mkazi ndi mmodzi yemwe. Ntchito yofufuza m'mafayilo anapatsa ine. Ndinabwerera m'mbuyo zaka 25. M'kalasi la bambo la chaka chachiwiri palibe mtsikana anapitirirapo 64. Palibe. Ndiye lero wina angodumpha n'kufika 81? Mwina bambo anachonga mutu utayamba kale kuwavuta. Mwina mwanayo anaonera mafunso. Sindikumunamizira, koma komiti iyenera kuona."

"Komiti ikaona imatani?" anafunsa Mayi.

"Amamuimitsa kaye sukulu, n'kufufuza. Akapezeka alibe mlandu amabwerera."

"Zimatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Zimatengera. Ena miyezi itatu, ena chaka. Ena sabwerera okha, manyazi."

"Waliwerenga pepalalo?" anafunsa mlongo wake.

Dokotala anatsegula tsamba loyamba. Anawerenga milomo ikugwedera, n'kutembenuza lachiwiri, n'kubwereranso pa loyamba.

"Ndi labwino," anatero. "Ndi labwino kwambiri. N'chifukwa chake likundikayikitsa."

"Likanakhala la mnyamata likanakukayikitsa?"

"Achemwali, musapotoze nkhani. Ine ndikunena za manambala. Khomo la filosofi palibe amalitseka. Atsikana amabwera chaka choyamba, amalawa, amaona kuti kukangana tsiku lonse pa chinthu chosadyedwa si zawo, n'kupita kwina. Ndi kusankha kwawo, ndipo ndi zomwe ndalemba mu lipoti. Inuyo munayambako filosofi. Anakuthamangitsani ndani?"

"Palibe," anayankha mlongo wake, akupukuta tambula ina. "Ndinapeza 58 kwa bambo anga ondibereka. Ndinaona kuti mutu wanga si wa zimenezo, ndinasankha zanga. Panopa ndimagulitsa mankhwala a chifuwa, ndikaweruka ndimagona tulo."

"Mwaona? Umboni uli m'nyumba momwe muno."

Mayi anatseka cholembera.

"Ndikaanule zovala," anatero. "Kukubwera mitambo."

Kunja kunalibe mitambo. Pa chingwe panali matawulo awiri ndi nsalu ya pa thebulo, zonse zitauma kalekale. Mayi anagwira chingwecho n'kungoima.

Panali patapita zaka 19, koma ankakumbukira ngakhale malaya omwe amuna awo anavala. Linali Lachisanu masana. Malemu anatuluka m'chipinda chowerengera atanyamula pepala limodzi, nkhope ikuwala ngati ya mwana.

"Amake mwana, chaka chino muli wina m'kalasi muja. Wandigwira pa mfundo imene ndakhala ndikuphunzitsa zaka khumi, ndipo akunena zoona. Ameneyu adzakhala pa mpando wanga."

Mayi atangoliona pepalalo anadziwa la yani. Dzanja limenelo analiphunzitsa okha kugwira pensulo. Malemu makope a ana awo sankawaona, ankati zimenezo n'za amayi, ndiye kalembedwe ka mwana wawo yemwe sankakadziwa. Mayi sanawaululire. Anagona ndi chimwemwe, akuti ulendo uno inki sibweza munthu.

M'mawa mwake chala cha malemu chinafika pa dzina n'kuima. Pakona ya tsamba panali 84. Anayang'anitsitsa dzinalo mpaka tiyi anazizira m'kapu.

"58," anatero.

"Bambo ake, ndi mwana wathu."

"N'chifukwa chake. Anthu adzati ndamukondera. Moyo wake wonse azidzamuuza kuti anakwera pamsana pa bambo ake, ndipo ine ndidzakhala m'chipinda momwemo ndikuona akumuchita zija anachita kwa mkazi uja. Ndikamupatsa 64 alimbikira kuti abwereze, ndimamudziwa. Ndi 58 asiya. Lembani."

Mwanayo zotsatira zitatuluka sanalire pamaso pa anthu. Anakhala masiku awiri osadya. Tsiku lachitatu analongedza mabuku ake m'thumba n'kukam'patsa mlongo wake, amene nthawi imeneyo anali ku sekondale, amvekere, "Tenga, mwina iwe mutu uli nawo."

Mayi anaanula thawulo limodzi n'kulipinda, n'kulifunyululanso. Amuna awo anali asanathe sabata m'manda. Pa maliro anthu anaimirira mmodzimmodzi kunena kuti anali munthu wachilungamo, wosayang'ana nkhope, ndipo amene analira kuposa onse ndi mwana wamkaziyu. Komanso kunena zimenezi sikunali kuneneza malemu okha. Malemu ankangotchula. Dzanja lolemba linali lawo. Akanena, mwina mwanayu sadzapondanso pakhomo pano, ndiye kuti m'sabata imodzi ataya anthu awiri. Akapanda kunena, mwana wa eni ake uja, wamfupi, wokhala kutsogolo, Lachisanu akamutcha wakuba.

Analowa thawulo lili m'manja.

"Pepala limenelo silipita ku komiti," anatero.

"Amayi, izi ndi za ku ntchito."

"Ndazigwira zaka zambiri kuposa iwe. Tamvera. Iwenso siya matambulawo, ubwere kuno."

Mwana wamkaziyo anasendera, tambula ndi kansalu zili m'manja, koma sanakhale pansi.

"Mtsikanayo sanabe," anatero Mayi. "Atsikana akhala akupeza malikisi otere kuyambira kale. Pensulo inkanena zina, inki inkanena zina. Bambo anu akaona kuti ndi mtsikana ndipo wadutsa 65, ankatchula nambala yotsika, ine n'kulemba. Zomwe wapeza m'mafayilo mwakomo ndi dzanja langa."

Kukhitchini firiji inalira n'kusiya.

"Amayi, mwatopa," anatero Dokotala. "Masiku onsewa simunagone bwino."

"Ndatopa, inde. Koma mutu uli bwino."

"Bambo? Bambo omwe ankamata envulopu kuti asaone mayina?"

"Ankamata. Loweruka ankamatula."

"Angati?"

"Sindinawerenge. Oposa makumi awiri."

"Muli ndi umboni? Pensulo inafufutidwa. Mapepala akale amaotchedwa pakatha zaka zisanu."

"Ndilibe. Ndinalipo basi."

Dokotala anadzuka n'kukaima pa zenera, atawafulatira.

"Mukudziwa zomwe mwanenazi? Mwezi wamawa akufuna kukhoma dzina lawo pa khomo la laibulale yathu. Ine ndasaina lipoti lonena kuti kwathu kulibe tsankho. Ndinaimirira pamaso pa anthu, ndinawawerengera manambala." Anatembenuka. Mawu anali atatsika. "Nanga ine? Ndinapeza 71."

"Yako inali yako. Pensulo 71, inki 71."

Sizinaoneke kuti zamutonthoza.

Nthawi yonseyi mlongo wake anali chiimire, maso ali pa mayi ake.

"Zanga zinali zingati?" anafunsa.

"Mwana wanga..."

"Ndafunsa kuti zingati."

"84."

Anaika tambula pa thebulo pang'onopang'ono, ngati ikhoza kusweka ndi mpweya.

"Ndipo inu munalemba 58."

"Ndinalemba."

"Anakugwirani dzanja?"

"Ayi."

"Anakuopsezani?"

"Ayi. Bambo ako sanandiopsezepo chikwatiranireni. Anati akukuteteza. Anati amuna a kumeneko adzakuzunza. Ine ndinati iwo ndi ophunzira, akudziwa."

"Mwina akanandizunzadi," anatero mwanayo. Sanakweze mawu. "Mwina ndikanathawa ndekha chaka chisanathe. Mwina famase ndikanaisankhabe. Ntchito yanga ndimaikonda, Amayi, musaganize kuti ndimalira nayo. Koma ndikanadziwa. Zaka 19 ndakhala ndikuuza anthu kuti ndinasankha ndekha. Chaka chatha chomwechi mwana wa mnzanga anabwera kudzandifunsa nzeru. Ndinamuuza kuti zimenezo akazi sizitiyanja, ine ndinayesa."

Mayi anayang'ana thawulo.

"Tsiku lija munandibweretsera tiyi kuchipinda. Munkandisisita pamsana, mumvekere si onse anabadwira zimenezo. Munali mukudziwa."

"Ndinali ndikudziwa."

Mwanayo anapinda kansalu kopukutira kaja, n'kukaika pambali pa tambula, n'kutuluka. Anamva geti ikutseguka, kenako ikutsekeka.

Mayi anakhala pansi. Anakoka pepala la nambala 27, n'kutsegula cholembera, n'kulemba 81 pachikuto ndi pa fomu. Koma 8 wawoyo anapendekera, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo.

"Mwalemba," anatero Dokotala.

"Ndalemba. Ukafuna kupita nalo ku komiti, unditenge. Ndikanena zomwe ndanena pano."

Mnyamatayo anabwerera pa mpando. Anatola labala, chifukwa ndi mmene ankachitira ndi mapepala 26 enawo, n'kumuzunguliza pa zala kanthawi. Kenako anamuponya m'katoni.

"Pensulo ikhale," anatero. "Lipoti lija ndikalitenganso."

"Nanga dzina la bambo ako pa khomo paja?"

"Sindikudziwa, Amayi. Musandifunse lero." Anatsokomola, n'kutenga pepala lina. "Nambala 28, 52."

Anamaliza onse 43 osayankhulana china. Mwa atsikana ena awiri omwe anali m'kalasimo, wina anapeza 49, wina 67, ndipo Mayi analemba monga pensulo inanenera. Mwana wamkaziyo anabwera dzuwa likulowa, fumbi lili m'mapazi, n'kulowa kuchipinda. Chakudya chomwe anamusiyira pa thebulo chinagona chovindikira.

M'mawa mwake anatuluka atavala za pa ulendo, chikwama chili m'manja. Tchuthi chake chinali cha mpaka Lamlungu, koma palibe anamukumbutsa. Mayi anatambasula dzanja kuti amulandire chikwama.

"Ndinyamula ndekha."

Anamutsatira mpaka pa geti. Dokotala ankabwera pambuyo atakumbatira katoni, akupita nayo ku ntchito.

"Ubweranso liti?" anafunsa Mayi.

"Sindikudziwa. Ndidzakuimbirani. Osati sabata ino."

Mayi anavomera ndi mutu. Zinali zambiri kuposa zomwe ankayembekezera.

Mwanayo anagwira geti, koma sanaitsegule. Anatsitsa chikwama pansi.

"Mumadziwa chifukwa chomwe bambo ankakwerera basi maola awiri mwezi uliwonse kudzagula mankhwala a BP kwa ine, famase ili pakona pomwepa?"

"Ankati akufuna kukuona."

"Ankaima pa mzere ngati wina aliyense. Akafika kutsogolo ankauza wa kumbuyo kuti pitani, pitani, mpaka atsale okha. Ndiye ndikamawawerengera mapiritsi ankandifunsa funso. Kodi munthu amene waiwala zonse zomwe anachita tingamulangebe? Kodi lonjezo kwa munthu wakufa limamanga? Zangati zimenezo. Ine ndinkangoyankha, uku ndikulemba pa kathumba kuti limodzi m'mawa. Iwo n'kutulutsa pensulo, n'kumalemba zomwe ndanenazo kuseri kwa kathumbako."

Dokotala anasuntha katoni m'manja mwake.

"Lonjezo kwa wakufa," anatero pang'onopang'ono. "Munawayankha kuti limamanga, chifukwa amene wafa ndi wolonjezedwa, osati wolonjeza?"

Mlongo wake anamuyang'ana.

"Unazimva kuti?"

"M'kalasi. Chaka chilichonse ankati, mnzanga wina amene amandiposa nzeru amanena kuti, ndiye n'kuzinena. Tonse m'dipatimenti tinkaganiza kuti ndi pulofesa wina wa kunja. Tikawafunsa dzina ankasintha nkhani."

Mayi anakumbukira timatumba timeneto. Ankatipeza m'matumba a malaya tsiku lochapa, todzaza ndi tizilembo ta pensulo, n'kumakatiika pa desiki osatiwerenga.

Pa msewu panadutsa njinga, kenako galimoto. Mwana wamkaziyo anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Akamaliza kulemba, mapiritsi ankawaika m'thumba la buluku. Kathumbako ankakapinda kawiri, n'kukaika m'thumba la malaya. Kenako ankawerama pang'ono, anzanga a ku ntchito akuona, n'kunena kuti, zikomo aphunzitsi. Ine ndinkaseka. Ndinkati ndi nthabwala za nkhalamba."

Anasonyeza ndi dzanja mmene ankachitira, zala ziwiri kulowetsa m'thumba lomwe pa bulauzi yake panalibe, kenako chikhatho kugunda pachifuwa kawiri. Dzanjalo linakhala pomwepo kanthawi. Atatero anatola chikwama chake, Mayi n'kumutsegulira geti.